Drachma, dirham, ndalama: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Nkhani ya drachma ikangoyambika, makamaka wina akatchula zoti mawu athu oti ndalama ali pachibale ndi mawu achigiriki, mafunso amene amabwera ndi omweomwewa. Ndawasanja kuyambira ophweka. Funso la ndalama lija lili cha kumunsi, koma bola muyambire kumtunda kuno chifukwa yankho lake likutsamira pa enawa.

Drachma ndi chani kwenikweni?

Ndi ndalama ya siliva ya Agiriki akale, komanso linali dzina la muyeso wa kulemera kwa chinthu. Ziwirizi zinkayendera limodzi ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepo, munthu akamati drachma amatanthauza siliva wolemera mwakutimwakuti, chidindo cha mzinda chinali chongotsimikizira kuti silivayo ndi weniweni ndipo wakwana, usavutike nkumuika pa sikelo.

Ku Athens drachma inkalemera magalamu pafupifupi 4.3, pa chilumba cha Aegina inali yolemererapo, kuposa magalamu 6. Mizinda yambiri inkasula zakezake. Kawerengedwe kake kanali kotere: ma obol 6 ndi drachma imodzi, ma drachma 100 ndi mina, ma mina 60 ndi talente, ndiye kuti talente imodzi ma drachma 6,000. Mina ndi talente sanali makobidi oti ungaike m'thumba, anali mayina owerengera basi.

Dzinali linachokera kuti?

Agiriki eni ake ankati linachokera ku mneni wawo drassomai, kutanthauza kufumbata. Makobidi asanabwere anthu m'madera ena a Greece ankasinthana timikondo tachitsulo tatitali towotchera nyama, tangoganizani zobayira kanyenya zija koma zachitsulo komanso zazitali kuposa mkono. Kamodzi ankakatcha obelos, nkumene kunachokera obol. Ndiye dzanja la munthu limatha kufumbata 6, zodzaza dzanja zimenezo ndiye drachma. Plutarch anafotokoza choncho polemba mbiri ya Lysander wa ku Sparta, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ofukula zakale anapezadi mtolo wa timikondo toterewa pa kachisi wa Hera kufupi ndi Argos.

Chonde dziwani izi, makobidi atabwera timikondo tinatha koma mayina anatsala, chiwerengero cha 6 chija chinatsalanso. Muona kuti zimenezi zikuchitika mobwerezabwereza kutsogoloku.

Ndiye kuti Agiriki ndi amene anayambitsa makobidi?

Ayi. Kumbali imeneyi ya dziko anayamba ndi anthu a ku Lydia, komwe lero ndi kumadzulo kwa Turkey, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 600 BC, ndipo ankagwiritsa ntchito chitsulo chosakanikirana golide ndi siliva. Mfumu yawo Croesus ndi imene inadzalekanitsa, makobidi agolide paokha asiliva paokha. Ku China anali ndi njira yawoyawo yosakhudzana ndi izi. Agiriki anangotengera kwa aneba, koma anazitenga mwamphamvu moti pasanathe zaka zambiri mizinda yambirimbiri inali ikusula, Aegina ikuika kamba wa m'nyanja, Corinth hatchi yamapiko, Athens kadzidzi.

Kadzidzi pa ndalama? Sanali kuopa?

Funso ili limabwera nthawi zonse kuchokera kwa ife amene tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira pa denga ndiye kuti kuli maliro. Kwa anthu a ku Athens inali mbalame ya mulungu wawo wamkazi Athena, chizindikiro cha nzeru ndi chitetezo cha mzinda.

Khobidi lotchuka kwambiri linali la ma drachma 4, lolemera magalamu 17 ndi kachidutswa, lochindikala, losazungulira bwinobwino chifukwa ankachita kulimenya ndi hamala limodzilimodzi. Mbali imodzi mutu wa Athena atavala chisoti cha nkhondo, mbali inayo kadzidzi thupi lili chammbali koma nkhope yakuyang'ana iwe ndi maso akuluakulu, kumbuyo kwake kanthambi ka olivi ndi kamwezi, kutsogolo zilembo zitatu zoyambirira za dzina la mzindawo. Anayamba kusula chakumapeto kwa zaka za m'ma 500 BC ndipo kwa nthawi yaitali sanasinthe maonekedwe ake, ine ndimaona kuti nzeru yawo yaikulu inali imeneyo, wamalonda wa ku Egypt kapena ku Arabia olo asadziwe chilembo chimodzi cha Chigiriki amangoona kadzidzi nkudziwa kuti siliva ndi wabwino. Mpaka ku Egypt ndi kummwera kwa Arabia anayamba kusula akadzidzi awoawo otengera.

Silivayo ankachokera ku migodi ya Laurion kummwera kwa Athens, okumba ake ambiri anali akapolo. Mu 483 BC atapeza mtsempha wa siliva wochuluka, mtsogoleri wina wa ku Athens dzina lake Themistocles anawanyengerera anthu kuti m'malo mogawana amangire zombo zankhondo, zombo zimenezo ndi zimene zinagonjetsa Aperisiya ku Salamis mu 480 BC.

Drachma imodzi inkagula chani? Ingakhale makwacha angati lero?

Za makwachazo musadzivute, mukawerengera mtengo wa magalamu 4 a siliva lero mupeza kandalama kochepa kosagwirizana ndi mphamvu imene inali nayo nthawi imeneyo. Njira yabwino ndi kuyang'ana malipiro. Zolemba za pa miyala zokhudza ntchito yomanga kachisi wa Erechtheion ku Athens, cha m'ma 409 mpaka 407 BC, zikuonetsa amisiri akulandira drachma imodzi pa tsiku, mbadwa, mlendo ndi kapolo mtengo wofanana, kungoti ya kapoloyo inkathera kwa mbuye wake. Nzika yokakhala nawo pa bwalo loweruza milandu inkalandira ma obol 3, theka la drachma. Ndiye mwachidule ndi malipiro a tsiku a munthu waluso.

Timakobidi ta obol tinali tating'onoting'ono moti anthu popita ku msika ena ankangotiika m'kamwa.

Nanga mawuwa anatuluka bwanji mu Greece?

Amalonda anayamba, koma amene anawafalitsa zenizeni ndi Alexander wa ku Macedonia. Pakati pa 334 ndi 330 BC anagwetsa ufumu wa Persia, natenga golide ndi siliva amene mafumu akumeneko anaunjika ku Susa ndi ku Persepolis, ndiye asilikali masauzande amafuna malipiro, chuma chija chinasungunulidwa nkusulidwa makobidi pa muyeso wa ku Athens uja. Iye anamwalira mu 323 BC koma makobidi a dzina lake anapitirira kusulidwa kwa zaka zoposa 200.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene chimandisangalatsa. Olanda dziko amasintha mfumu, amasintha chipembedzo, koma ndalama imene msika unazolowera saithamangira kuisintha. A Parthia atalanda Iran m'manja mwa mafumu achigiriki anapitiriza kusula drachma, zilembo zake zachigiriki zomwezo, mafumu ena mpaka kudzilemba pa khobidi kuti bwenzi la Agiriki. Mu 224 AD Ardashir anawagwetsa nkuyambitsa ufumu wa Sasan, Chigiriki chinachoka pa ndalama, khobidi linakhala lopyapyala ndi lalikulu, kutsogolo mfumu ndi chisoti chake kumbuyo guwa la moto la chipembedzo cha Zoroaster, koma kulemera kunali konko kwa magalamu 4 ndipo dzina linali drahm. Zaka zoposa 500 Alexander atamwalira.

Ndiye dirham ya Aarabu ndi mawu omwewo?

Eya. Aarabu Chisilamu chisanabwere ankagwiritsa ntchito golide wa Aroma ndi siliva wa Aperisiya, ndipo Chiarabu sichiyamba mawu ndi makonsonanti awiri ogundizana ngati dr, ndiye drahm anakhala dirham, zikachuluka darahim. Mawu oti darahim awa muwasunge.

Asilamu atagonjetsa Persia, mfumu yomaliza Yazdegerd III inafa mu 651, anachita zomwe anachita a Parthia zija. Mukaona makobidi a zaka zoyambirirazo mudabwa, nkhope ya mfumu ya Persia ilipo, guwa la moto ndi alonda ake awiri lilipo, kungoti m'mphepete mwake anawonjezera timawu tachiarabu toti bismillah. Boma lachisilamu kulipira asilikali ake ndi ndalama ya guwa la moto kwa zaka pafupifupi 50! Anadzasintha ndi khalifa Abd al-Malik wa ku Damascus, golide cha mu 697, siliva cha mu 699. Zithunzi zonse zinachotsedwa, panatsala mawu okhaokha, chivomerezo cha chikhulupiriro, mavesi a Korani, mzinda umene yasulidwira ndi chaka. Kulemera kunatsika kufika pafupifupi magalamu 2.9, lamulo lake ma dirham 10 azilemera ngati ma mithqal 7, mithqal unali muyeso woyezera golide. Dzina silinakhudzidwe.

Dinar nayo ndi yachigiriki?

Ayi, anthu amasokoneza chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi, dinar golide dirham siliva. Dinar ikuchokera ku denarius ya Aroma, imene inaberekanso dinero wa Chisipanishi. Agogo amene anagwirako ndalama za nthawi ya Nyasaland ndi Northern Rhodesia akukumbukira kuti peni ankailemba ndi chilembo d, monga 6d, d ameneyo ndi denarius yemweyo.

Mawuwa akupezeka mu Baibulo kapena mu Korani?

Monsemo. Pa Luka 15 mayi uja anali ndi ndalama 10 nkutaya imodzi, nayatsa nyale nkusesa nyumba, m'Chigiriki mawu ake ndi drachma. Mukakumbukira yankho la malipiro lija mumvetsa chifukwa chake anaitana anzake ataipeza, inali ntchito ya tsiku lathunthu. Pa Mateyu 17 msonkho wa kachisi ukutchedwa didrachma, ma drachma awiri, ndipo khobidi limene Petro anapeza m'kamwa mwa nsomba linali stater, la ma drachma 4, nchifukwa chake linakwanira anthu awiri.

Mu Korani, sura ya Yusuf vesi 20 ikunena kuti Yusuf anamugulitsa pa mtengo wochepa, ma darahim owerengeka. M'malamulo a zakat, chopereka cha Asilamu, mlingo wa siliva umene munthu amayambira kupereka ndi ma dirham 200.

Ku India anafikako?

Anafikako kawiri konse. Poyamba ndi mafumu achigiriki amene anatsalira ku Bactria, cha kumpoto kwa Afghanistan wa lero, nkudzalamulira kumpoto chakumadzulo kwa India, monga Menander ndi Apollodotus, amene ankasula ma drachma mbali imodzi Chigiriki mbali inayo chilankhulo cha komweko. Wamalonda wina wa ku Egypt amene analemba kabuku kolondolera madoko kotchedwa Periplus of the Erythraean Sea m'zaka 100 zoyambirira za AD ananena kuti pa doko la Barygaza, lero Bharuch, ma drachma akale a mafumu awiriwa anali akuyendabe, eni ake anafa kalekale. Kenako kunabwera makobidi otengera a Sasan aja. Mu Sanskrit mawuwa anakhala dramma, ndipo m'zaka za m'ma 800 mfumu Bhoja ya ufumu wa Pratihara kumpoto kwa India inali ndi dramma yakeyake. Atafupika anakhala dam, khobidi lamkuwa la nthawi ya mfumu Akbar limene 40 zinkapanga rupiya imodzi, ndipo mu Chihindi mpaka pano dam amatanthauza mtengo wa chinthu.

Zoti ma dirham amafukulidwa ku Sweden ndi zoona?

Zoona, ndipo ambiri zedi. Ma Viking, anthu akale a kumeneko, ankatsika mtsinje wa Volga ndi zikopa za nyama, malupanga ndi akapolo, pobwerera atanyamula siliva. Ibn Fadlan, kazembe wochokera ku Baghdad amene anakumana nawo mu 922, analemba kuti mwamuna akapeza ma dirham 10,000 amapangira mkazi wake mkufu umodzi wa m'khosi, akafika 20,000 iwiri. Pa chilumba cha Gotland ku Sweden, pamalo otchedwa Spillings, mu 1999 anafukula siliva wolemera makilogalamu 67, mkati mwake makobidi oposa 14,000, pafupifupi onse achisilamu. Koma kumeneko siliva analowa, dzina silinamere mizu, iwo ankangodula makobidiwo m'zidutswa nkumayeza pa sikelo.

Tsopano, ndi zoona kuti mawu oti ndalama anachokera ku drachma?

Akatswiri ena a zilankhulo amene analondola mawu obwereka m'zilankhulo za kuno amatero, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Koma sikuti Mgiriki wina anafika ku Mankhamba, likulu lakale la Maravi, ayi, anadzera mu Chiarabu, darahim uja ndinati mumusunge.

Taonani kaye kamvekedwe. Mayina ambiri a gulu la ndalama amayamba ndi n, monga ndodo, ndege, ndiwo, ndiye mawu achilendo oyamba ndi d akalowa savuta kutenga n kutsogolo. Ife r ndi l sitisiyanitsa kwenikweni, mpaka mabuku akale ankalemba ndarama. H wapakati amagwa, ndipo mawu athu satha ndi konsonanti, amafuna vawelo kumapeto. Darahim, ndarama, ndalama, palibe pamene mwachita kukakamiza.

Chachiwiri ndi kumene mawuwa akupezeka. Chitumbuka ndalama, Chibemba indalama, ndipo mu Chishona ndarama ndi golide. Ndi chigawo cha Zambezi ndi madera ozungulira, komwe kunali msika wa golide. Al-Masudi, wolemba mabuku wachiarabu amene anayenda m'gombe la kummawa kwa Africa m'zaka za m'ma 900, analemba kale za golide wa ku Sofala. Golideyo ankachokera ku mapiri a Zimbabwe, kutsikira ku Sofala, kukwera ngalawa kupita ku Kilwa, mzinda umene woyenda maulendo Ibn Battuta anaucheza mu 1331 uli pachimake, ndipo ku Great Zimbabwe kunapezeka khobidi lamkuwa losulidwa ku Kilwa komweko. Apwitikizi pamene ankakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530 anapeza amalonda achisilamu alipo kale, ndipo makolo athu a Maravi anali tsidya lino la mtsinje womwewo akugulitsa minyanga.

Ena amafunsa kuti dirham inali siliva, nanga Mshona akuti golide bwanji. Kumbukirani yankho loyamba, mawuwa ndi a ndalama komanso a sikelo. Wamalonda wofuna golide amabwera ndi kasikelo kake ndi mayina a miyeso yake, ndiye wogulitsa akamamva mawu omwewo nthawi iliyonse chitsulo chonyezimiracho chikatuluka, dzina limamatirira pa chitsulocho. Mnzake wa dirham, mithqal uja, anayenda njira yomweyo, Apwitikizi anamupeza akugwiritsidwa ntchito poyeza golide m'dera limeneli, ndipo lero ndalama ya Mozambique kuyambira 1980 ndi metical.

Kwathu kuno kugula kunali kwa nsalu, mikanda, makasu ndi mchere, makobidi anadzafala mochedwa nthawi ya atsamunda, marupiya a ku India kenako masheleni. Atafika anapeza mawu a chitsulo chamtengo wapatali alipo kale akuwadikira.

Ngati anadzera ku gombe, bwanji Aswahili sanena ndalama?

Funso labwino ndipo ndi limene otsutsa amakonda. Mswahili lero amati pesa, fedha kapena hela. Fedha ndi Chiarabu cha siliva, hela anachokera ku Heller ya Ajeremani amene analamulira Tanganyika, pesa amalumikizidwa ndi paisa wa ku India amene anadzaza Zanzibar m'zaka za m'ma 1800. Pa doko ndalama zatsopano zimafika pafupipafupi, iliyonse ndi dzina lake, mawu atsopano amakankha akale. Kumtunda komwe mawu anafika kamodzi nkukhazikika ndi kumene amakhalitsa. Zimenezi zikusonyezanso kuti ndalama si mawu a nthawi ya Jumbe wa ku Nkhotakota amene anabwera m'ma 1840, akanakhala a nthawi imeneyo bwenzi tikunena pesa, ndi akale kuposa pamenepo.

Kumpoto kwa Africa zinachitika zofanana ndi zathu, ku Algeria munthu akati drahem akutanthauza ndalama zilizonse olo zikhale zamapepala, ndipo m'zilankhulo za Amazigh amati idrimen.

Nanga dram imene imalembedwa pa timabotolo ndi yomweyi?

Ndi yomweyo, koma iyi inadzera kwa madokotala. Asing'anga achigiriki ankayeza mankhwala ndi drachma, Chilatini chinatenga, kenako Chifalansa ndi Chingerezi nkukhala dram. Ya ogulitsa mankhwala inali magalamu pafupifupi 3.9, sinatalikire kwenikweni ndi ya ku Athens. Ku Scotland kakachasu kawo ka whisky kothira pang'ono m'tambula amakatchanso dram. Mu ufumu wa Ottoman wa Aturuki ma dirhem 400 ankapanga muyeso umodzi wotchedwa oka, ndipo Agiriki anabwerekanso mawu awo omwe kuchokera kwa Aturuki, m'misika ya ku Greece ankayeza ndi drami ndi oka mpaka 1959, kwinaku akulipira ndi drachma.

Lero ndi mayiko ati amene akugwiritsabe ntchito dzinali?

Morocco ili ndi dirham kuyambira 1960, United Arab Emirates kuyambira 1973, ndiye amene mumapita ku Dubai kukaoda katundu mumagwira imeneyo. Armenia inayambitsa dram mu 1993 itachoka mu Soviet Union. Kwina ndi dzina la tchenje, riyal ya Qatar imagawika ma dirham 100, dinar ya Libya ma dirham 1,000, somoni ya Tajikistan ma diram 100.

Nanga ku Greece komweko?

Kulibe. Dziko la Greece lamakono litamasuka kwa Aturuki linayamba ndi ndalama yotchedwa phoenix mu 1828, kenako mu 1832 linaukitsa dzina la drachma. Inadutsa m'mavuto aakulu, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inagwa mphamvu mpaka mu 1944 anachita kuyambitsa ina yatsopano, mu 1954 anadulanso maziro atatu. Greece inalowa mu euro mu 2001, mapepala ndi makobidi a euro anayamba kuyenda mu Januwale 2002, ndipo anasintha pa mtengo wa ma drachma 340.75 pa euro imodzi. Pa khobidi la euro imodzi la ku Greece anaikapo kadzidzi wa ku Athens uja, ndipo nthawi ya mavuto a ngongole cha mu 2015 panali mkangano waukulu woti abwerere ku drachma kapena ayi, koma anatsalira mu euro.